Sitima zafika koma katundu sakutsika: nkhani ya madoko mu War in the Pacific

Pali gemu ina ya pa kompyuta yomwe yandidyera nthawi yambiri kuposa momwe ndingavomerere pamaso pa mayi akunyumba, dzina lake War in the Pacific: Admiral's Edition. Inatuluka mu 2009 kudzera ku kampani ya Matrix Games koma muzu wake ndi gemu ya Gary Grigsby ya 2004. Nkhani yake ndi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mbali ya ku Pacific, Japan uku, America ndi anzake uko, kuyambira pa 7 Disembala 1941 tsiku lomwe Japan anaphulitsa Pearl Harbor, doko la America ku Hawaii, mpaka nkhondo kutha, ndipo ambirife timasewera tsiku ndi tsiku, tsiku limodzi la nkhondo ndi turn imodzi, ndiye werengani nokha, ma turn oposa 1,300 ngati mwapirira mpaka Ogasiti 1945. Mapu ake akuyambira ku India mpaka ku gombe la America, ogawidwa m'timabokosi ta ngodya sikisi, kabokosi kalikonse mamailosi a panyanja 40. Sitima iliyonse ili ndi dzina lake lenileni, ngakhale kachikwakwa konyamula mpunga komwe palibe amakakumbuka.

Aliyense amalowa m'gemu imeneyi ali ndi njala yomenyanitsa zisitima zonyamula ndege, akufuna Midway yake, nkhondo yotchuka ya zisitima zoterezi ya mu 1942. Koma ikangotha sabata imodzi kapena ziwiri funso limasintha, limakhala loti kodi bwanji sitima zanga zafika kalekale koma katundu sakutsika? Ena amafika pokwiya kuti gemu ndi yowonongeka. Siyowonongeka ayi. Ndi doko.

Ine zinandionekera chonchi. Ndinali mbali ya America, koyambirira kwa 1942, ndikufuna kumanga msasa pa kachilumba kena kumwera kwa Pacific kuti ndege zanga zizipumirapo popita ku Australia. Ndinasonkhanitsa sitima za katundu 12 ku San Francisco, kupakira kunatenga masiku ochepa chabe moti ndinadziona ngati katswiri, ulendo wa masabata angapo unayenda bwino, kufika pa kachilumba kaja zinthu zinaima nji. Tsiku loyamba kwatsika pang'ono. Lachiwiri pang'ono. Ndikayang'ana manambala ndimaona ngati munthu akutunga madzi m'diramu ndi supuni. Pa tsiku la naini mnzanga amene ndimasewera naye, yemwe anali Japan, anazindikira kuti pali gulu la sitima lomwe lagona malo amodzi osasuntha, anatumiza sabumarini ziwiri kaye kenako ndege, ndipo sitima zanga zisanu zinamira zili ndi katundu woposa theka m'mimba. Cholakwa changa chinali chimodzi basi, ndinawerengera kuti sitima zinganyamule zochuluka bwanji, sindinawerengere kuti doko lolandira lingameze zochuluka bwanji pa tsiku.

M'gemu muno doko lililonse lili ndi nambala ya kukula kwake. Zero ndiye kuti palibe chilichonse, mchenga ndi mitengo ya kokonati basi, ndipo nambala imakwera mpaka kufika pa madoko akuluakulu ngati San Francisco, Singapore kapena Osaka. Nambala imeneyi imalamula zinthu zingapo nthawi imodzi ndipo apa ndi pomwe anthu amasokonezekera chifukwa amaganiza kuti ndi lamulo limodzi pomwe ndi malamulo osanjikizana. Choyamba ndi kukula kwa sitima yomwe ingaguse pa jete. Doko la saizi 1 limalandira sitima yosaposa matani 6,000, la saizi 2 matani 9,000, la saizi 3 matani 12,000, kumangokwera choncho. Sitima ikakula kuposa pamenepo siyingakocheze pa jete, imaponya nangula pakati pa madzi. Kenako pali malire a matani onse a sitima zomwe zingakhale pa jete nthawi imodzi, ndipo pa doko la saizi 1 malire amenewa amafanana ndi a sitima imodzi aja, kutanthauza kuti mukakocheza sitima imodzi ya matani 5,000 malo atha, zinazo zidikire. Ndipo gemu imaona gulu lonse la sitima, lomwe amalitcha task force, ngati chinthu chimodzi, ndiye gulu langa la sitima 12 lija silikanakocheza ngakhale pang'ono chifukwa matani ake onse pamodzi anali oposa malire kutalitali. Ndikanaligawa n'kumakocheza imodziimodzi zikanasintha, koma ndani anandiuza.

Pamwamba pa izi pali liwiro la sitima imodzi payokha, kuti pa doko la saizi yakutiyakuti sitima imodzi ingatsitse zochuluka bwanji pa chigawo chimodzi cha tsiku, poti turn iliyonse ili ndi chigawo cha usiku ndi cha masana ndipo ntchito imachitika m'zigawo zonse ziwiri. Ndiye pamwamba penipeni pali denga la doko lonse, kuchuluka kwa katundu yemwe doko lingagwire pa tsiku, kaya akukwera kaya akutsika, kaya sitima ndi ziwiri kaya makumi atatu. Denga limeneli ndi lomwe limapha anthu ambiri. Zili ngati ku chigayo cha m'mudzi chomwe chili ndi injini imodzi, mungabwere amayi 40 ndi madengu anu m'mamawa koma ufa utuluka pa liwiro la injini, kuchuluka kwa madengu kumangotalikitsa mzere basi. Tingoyerekeza kuti doko likutha kugwira matani 2,500 pa tsiku ndipo inu mwatumiza sitima 10 iliyonse yanyamula matani 5,000, ndiye kuti ndi masiku 20 osachepera, masiku 20 sitima zanu zili phee pamalo amodzi pomwe ndege ya mdani yofufuza ikhoza kuziona m'mawa uliwonse. Komanso masiku 20 amenewo sitimazo sizikunyamula china chilichonse kwina, zasanduka nkhokwe zoyandama.

Sitima yomwe sinakocheze imathabe kutsitsa koma pang'onopang'ono, chifukwa katundu akuyamba watsikira m'maboti ang'onoang'ono kenako kupita kumtunda. Amene anakwerapo Ilala nthawi yomwe imaima patali ndi gombe ku Likoma kapena ku Nkhotakota akudziwa zomwe ndikunena, matumba a chimanga, malata, njinga, anthu, zonse kutsikira m'kaboti, kaboti kupita, kubwerako, kupitanso, maola kumatha. Tsono ganizirani kuti zomwe mukutsitsazo ndi mfuti zikuluzikulu ndi mathirakitala osalazira bwalo la ndege. M'gemu zinthu zina zolemera zimakaniratu kutsika pa doko laling'ono, gulu lonse la asilikali latsika koma radar yawo yatsalira m'sitima, ndipo sitimayo imangokhala pamenepo tsiku ndi tsiku ikuti ikutsitsa pomwe palibe chikusuntha. Koyamba kuona zimenezi mumaseka, kachiwiri mumafuna kuponya kompyuta panja.

Katundu nayenso sali mtundu umodzi. Asilikali ndi zida zawo ali ndi liwiro lawo, supply, komwe ndi chakudya, zipolopolo, mabomba, mafuta a ndege ndi zina zonse zosakanizidwa kukhala nambala imodzi, ili ndi lake, miyala ya m'migodi ndi zina zopita ku mafakitale zili ndi lake, mafuta a sitima ndi mafuta osayenga ali ndi lawo chifukwa awa amayenda m'mapaipi, sadalira kireni kapena msana wa munthu. Pali asilikali ena otchedwa naval support, awa ndi anthu a pa doko, amaganyu a yunifomu tinene choncho, ndipo mukawaika pa doko laling'ono katundu wouma amayamba kuyenda msanga kuposa momwe nambala ya dokolo imanenera. Wosewera wozindikira amawatumiza iwowa poyamba, limodzi ndi mainjiniya okuza doko, gulu lalikulu lisananyamuke. Kukuza doko kumadya nthawi ndi supply, ndipo malo aliwonse ali ndi msinkhu wake wachilengedwe, mutha kupyola msinkhuwo ndi masitepe atatu okha ndipo masitepe opyolawo amadula zedi. Mdani akaphulitsa doko manambala onse aja amatsika malinga ndi kuwonongeka kwake, nchifukwa chake nthawi zina kuphulitsa jete kumapweteka kuposa kumiza sitima. China chomwe chimawawa, mukaunjika supply yambiri pa msasa waung'ono wopanda mosungira, yoposa malire imayamba kuwola tsiku lililonse. Mwavutika kuwolotsa nyanja, mwavutika kutsitsa, mvula ndi dzuwa zikudya.

Mwina wina anena kuti opanga gemu anangofuna kutizunza. Ayi ndithu, iwo anachita kufewetsa, zenizeni zinali zoopsa kuposa apa. Sitima za nthawi imeneyo sizinali ndi makontena. Kontena inabwera pambuyo, Malcom McLean anayendetsa sitima yake Ideal X pa 26 Epulo 1956 kuchoka ku Newark kupita ku Houston itanyamula makontena 58, ndiye mu 1942 chilichonse chimakwera pachokhapachokha, thumba, bokosi, diramu, mpukutu wa waya. Sitima ya mtundu wa Liberty, yomwe America inapanga zokwana 2,710, imanyamula matani pafupifupi 10,000 m'zipinda zisanu zakuya. Anthu amalowa pansi m'chipindamo, kusanja katundu mu ukonde, wa pa winchi kukoka, ukonde kukwera, kuzungulira, kutsikira pa jete, ena kumasula, kukweza pa lole, lole kupita ku shedi, ndipo pakasowa chimodzi mwa izi, kaya lole kaya shedi kaya anthu kaya magetsi owunikira usiku, unyolo wonse umaima. Pa doko labwino inali ntchito ya masiku ambiri, pa doko loipa masabata.

Ndipo dongosolo lopakirira linali nkhani ina payokha. Mukafuna kunyamula zambiri mumathithikiza mpata uliwonse, zolemera pansi zopepuka pamwamba, osalabadira kuti chofunika msanga ndi chiti. Koma ngati mukupita kukatera pa gombe la mdani simungachite choncho, zipolopolo ndi madzi akumwa ziyenera kukhala pamwamba penipeni pomwe dzanja lingafike ola loyamba, ndipo gulu lililonse liyenera kukhala m'sitima imodzi ndi zida zake, ngakhale mutaya malo ambiri potero. M'gemu mulinso zimenezi, gulu la sitima la amphibious, lokatera pa gombe, limanyamula zochepa kuposa la transport, longosamutsa katundu, chifukwa chomwechi.

Ma Marines, asilikali a America otera pa gombe, a 1st Marine Division ya General Vandegrift anaphunzira izi movutika ku Wellington, New Zealand, mu Julayi 1942. Anafika kumeneko katundu wawo atapakiridwa mwa njira yothithikiza ija poganiza kuti ali ndi miyezi yophunzira, mwadzidzidzi lamulo linabwera loti akalande kwa a Japan zilumba za Guadalcanal ndi Tulagi ku Solomon Islands. Ndiye zonse zinayenera kutsika pa Aotea Quay, kusankhulidwa, n'kukweranso mwa dongosolo la nkhondo. Inali nyengo yozizira, mvula ikugwa osaleka, ndipo panali kusamvana ndi ogwira ntchito pa doko moti ma Marines anagwira okha ntchitoyo usana ndi usiku mosinthana. Makatoni a chakudya ananyowa n'kuphulika, jete yonse inasanduka phala la cornflakes ndi mapepala. Malo ndi nthawi zitachepa anadula katundu, supply ya masiku 60 m'malo mwa 90, zipolopolo za masiku 10 a nkhondo yoopsa, magalimoto akuluakulu ambiri anatsala.

Anatera pa Guadalcanal pa 7 Ogasiti 1942, pafupifupi asilikali 11,000, ndipo pa gombe pomwepo panalibe wowaletsa, a Japan omwe analipo ambiri anali omanga bwalo la ndege ndipo anathawira m'nkhalango. Vuto linali gombe lenilenilo. Maboti amabweretsa katundu msanga kuposa momwe anthu ochepa omwe anapatsidwa ntchito yomuchotsa pa mchenga akanathera, mabokosi anaunjikana mpaka m'madzi, maboti odzaza akuzungulira kusowa pogusa, mpaka usiku anaimitsa kaye kutsitsa kuti gombe lipume. Ndege za Japan zochokera ku msasa wawo wa Rabaul zinabwera pa 7 ndi pa 8, ndipo nthawi iliyonse sitima zimazula nangula n'kuyamba kuyenda kuti zisakhale chandamale chophweka, maola ambiri kutayika, sitima imodzi George F. Elliott inapsa. Madzulo a pa 8 Admiral Fletcher wa America anachotsa sitima zake zonyamula ndege zomwe zimateteza malowo. Usiku womwewo Admiral Mikawa wa Japan anafika pa Savo Island pafupi ndi Guadalcanal n'kumiza ma cruiser (zisitima zankhondo) anayi, Canberra ya Australia ndi Astoria, Quincy ndi Vincennes za America. Mikawa sanapitirire kukamenya sitima za katundu zomwe zinali pafupi pomwepo, mpaka lero anthu amatsutsanabe za chisankho chimenecho, koma ngakhale choncho Admiral Turner, mkulu wa sitima za katunduzo, sakanakhalanso, pa 9 Ogasiti anachoka ndi sitima zake katundu wambiri akadali m'kati. Ma Marines anatsala akudya kawiri pa tsiku, mbali ina mpunga wolanda kwa a Japan, ndipo bwalo la ndege lomwe analitcha Henderson Field anamalizitsa ndi zipangizo zomwe a Japan anasiya. Ndege zoyamba zinatera pa 20 Ogasiti.

Ndikamawerenga zimenezi ndimaona sitima zanga 12 zija. Nthawi yotsitsira katundu ndi nthawi yomwe mwagona chagada pamaso pa mdani, ndipo aliyense wokutetezani ali ndi malire a masiku omwe angapirire.

Kumbuyo kwa Guadalcanal kunali Nouméa ku New Caledonia, doko lalikulu la America m'chigawo chimenecho, koma kukula kwake kunali kwa madzi chabe, malo okochezera sitima zikuluzikulu anali owerengeka pa zala. Chakumapeto kwa 1942 nthawi zina m'dokomo mumakhala sitima zoposa 80 zambiri mwa izo zikudikira kutsitsa, zina kwa masabata ambiri, pomwe dziko lonse likulira kuti sitima za katundu zachepa chifukwa ma U-boat, sabumarini za Germany, akuzimiza ku Atlantic. Ku San Francisco amangopakira n'kutumiza poti kwawoko makireni alipo, njanji ilipo, anthu alipo, osaganizira kuti kolandirako kulibe mashedi okwanira, malole ndi ochepa, mabaji ndi ochepa. Mapepala a katundu nawonso anali osalongosoka, chinthu chofunika lero ku Guadalcanal chili pansi m'sitima ina yomwe palibe akudziwa kuti ndi iti. Ife a kuno omwe feteleza ndi mafuta athu amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam timaidziwa nkhani yoti sitima yafika koma ikudikira malo. Kufika kwa sitima ndi kufika kwa katundu ndi zinthu ziwiri zosiyana.

A Japan vuto lawo linali lomweli koma lowawa kwambiri, chifukwa Henderson Field itayamba kugwira ntchito sitima iliyonse yopezeka pafupi ndi chilumbacho dzuwa litatuluka inali pa ngozi. Sitima ya katundu ndi yoyenda pang'onopang'ono ndipo imafuna masiku kuti itsitse, iwo anali ndi maola ochepa a mdima. Ndiye anayamba kugwiritsa ntchito ma destroyer, sitima zankhondo zocheperapo koma zothamanga, kufika pakati pa usiku, kutsitsa, kuthawa kusanache, zomwe a America anazitcha Tokyo Express. Koma destroyer si sitima ya katundu, imanyamula anthu ochepa ndi katundu wochepa, mfuti zikuluzikulu ndi akasinja ayi, kwinaku ikumwa mafuta ngati chidakwa. Mu Novembala 1942 anayesa kubweretsa sitima zenizeni za katundu 11 motsogozedwa ndi Admiral Tanaka. Pa 14 Novembala ndege zinamiza zisanu ndi imodzi, ina inabwerera yovulala, zinayi zotsalazo Tanaka anazigwetsera dala pa mchenga ku Tassafaronga m'bandakucha wa pa 15 kuti mwina zitsitse msanga, koma kutangocha zinayamba kuphulitsidwa zonse zinapsa. Asilikali pafupifupi 2,000 anafika kumtunda koma chakudya ndi zipolopolo zochepa zedi, ndiye kuti anawonjezera pakamwa osawonjezera mphika. Atathedwa nzeru anayamba kuthira mpunga m'madiramu mosadzaza kuti ayandame, kuwamangirira pa chingwe, destroyer n'kuwagwetsera m'madzi pafupi ndi gombe kuti a kumtunda akoke. Usiku wina koyambirira kwa Disembala anagwetsa madiramu 1,500, omwe anafika m'manja mwa asilikali anali pafupifupi 300, otsalawo ndege za America zinawaboola m'mawa. Asilikali a Japan anafika pochitcha chilumbacho chilumba cha njala, ndipo mu Febuluwale 1943 anasamutsa otsala oposa 10,000.

Nchifukwa chake America inathira ndalama zambiri pa zinthu zosaoneka zaulemerero, sitima za LST zomwe zimagusa pa mchenga n'kutsegula pakamwa malole kutuluka okha akuyenda, magalimoto a DUKW oyenda m'madzi ndi pamtunda omwe amatenga katundu pambali pa sitima mpaka ku mulu wa kumtunda osatsitsa pa gombe, mabokosi achitsulo oyandama omwe ma Seabees, asilikali omanga a navy, amalumikiza kukhala jete m'masiku ochepa, ndi sitima za APA ndi AKA zomwe zimanyamula maboti awoawo ambirimbiri ndi anthu ophunzitsidwa ntchito imeneyi. Gemu imaonetsa kusiyana kumeneku mopanda chifundo. Potera pa gombe, sitima ya APA kapena AKA imatsitsa mapointi 3,000 pa nthawi yomwe sitima wamba ya navy ya AP kapena AK imatsitsa 600, ndipo ya malonda yomwe yangobwerekedwa, yolembedwa xAP kapena xAK, imatsitsa 250 yokha. Kuchokera pa 250 kufika pa 3,000 ndi ka 12. Ndiye mukamaona wosewera wa America akubisa sitima zina za AP koyambirira kwa nkhondo osazigwiritsa ntchito ngakhale zinthu zitavuta, musamuone ngati wamantha, akudikira tsiku lomwe zidzasinthidwe kukhala APA. Japan amapatsidwa bonasi ya kutsitsa msanga m'miyezi yoyambirira ya nkhondo yokha, kutengera momwe anakonzekera bwino kulanda Malaya, Philippines ndi Dutch East Indies, bonasiyo ikatha chakumayambiriro kwa 1942 komweko sitima zomwe zija zimasanduka akamba, ndipo wosewera wa Japan aliyense amathamanga ndi kalendala m'manja.

Mbali ya mafuta ndiye yosangalatsa mwa njira ina. Japan inalowa nkhondo makamaka chifukwa cha mafuta, ndipo chitsime chachikulu chinali Palembang ku Sumatra komwe anakulanda pakati pa Febuluwale 1942. Koma Palembang sili pa nyanja, ili m'kati mwa mtsinje wa Musi makilomita ambiri kuchokera ku gombe. M'gemu doko lake ndi lochepa poyerekeza ndi mafuta omwe amatuluka kumeneko, ndiye wosewera watsopano amatumiza ma tanker ake akuluakulu onse pamodzi, sakwana pa jete, akudzaza pang'onopang'ono, matanki a kumtunda akusefukira. Akale amachita zina, amatenga ma tanker ang'onoang'ono m'timagulu ta awiri atatu kumangoyenda pakati pa Palembang ndi Singapore ngati maminibasi, kenako zikuluzikulu zimadzazira ku Singapore komwe doko ndi lalikulu n'kupita ku Japan. Ntchito yotopetsa, palibe mfuti ikulira, koma mukailephera pofika 1943 sitima zanu zankhondo zimakhala pa nangula matanki ali gwa.

Pali zomwe gemu imalephera, ndisabise. Supply kukhala nambala imodzi ndi bodza lalikulu lokoma, chifukwa tani yomwe mwatsitsa imasanduka chilichonse chomwe mukufuna, lero bomba mawa nyemba, pomwe ku Nouméa vuto linali loti muli ndi zambiri zomwe simukuzifuna pamwamba pa chomwe mukuchifuna. Ogwira ntchito pa doko m'gemu satopa, sadwala malungo, sanyanyala, mvula siyinyowetsa makatoni. Ndipo kufulumira kulibe mtengo, simungawakakamize kuti athamange n'kuona zotsatira zake. Zenizeni mtengo unalipo. Pa 17 Julayi 1944 ku Port Chicago ku California, komwe amapakira mabomba opita ku Pacific, sitima zinaphulika pa jete n'kupha anthu 320, ambiri mwa iwo amalinyero akuda omwe amapatsidwa ntchito yoopsayi popanda maphunziro okwanira, mabwana awo achizungu akupikisanitsa magulu kuti aone omwe apakire matani ambiri. Opulumuka ambiri atakana kubwerera pa ntchitoyo mmene zinthu zinalili, 50 anaimbidwa mlandu woukira n'kumangidwa, ndipo navy inadzawayeretsa mu 2024, patatha zaka 80. Kuseri kwa kanambala kaja ka matani pa tsiku kunali misana ya anthu ngati amenewa, ndi ya anthu a m'zilumba ndi akaidi omwe mbali zonse zimawagwiritsa ntchito.

Komabe pa mfundo yaikulu gemu inalondola, ndipo ku Ulaya nkhani inali yomweyi. Potera ku Normandy ku France mu Juni 1944 a Britain ndi America anachita kukoka madoko awiri opanga, ma Mulberry, kuwolotsa nyanja chifukwa amadziwa kuti doko lenileni salipeza msanga, namondwe wa pa 19 Juni anaphwanya la ku Omaha kutsala la ku Arromanches. Cherbourg, doko la ku France komweko, anailanda kumapeto kwa Juni itawonongedwa dala. Antwerp ya ku Belgium inagwa pa 4 Sepitembala makireni ake ali bwinobwino koma a Germany anagwirabe mtsinje wa Scheldt wolowera ku dokolo, sitima zoyamba za katundu zinalowa pa 28 Novembala, ndipo miyezi itatu imeneyo magulu ankhondo anali akulimbirana mafuta.

Panopa ndisanatumize chilichonse ndimayamba ndatsegula doko lolandira, kuona saizi, kuona kuwonongeka, kuona naval support yomwe ilipo, kenako kuwerengera chobwerera m'mbuyo kuti m'masiku awiri kapena atatu omwe ndingathe kuteteza malowo mungatsike zingati, ndipo ndimatumiza zokhazo, m'sitima zing'onozing'ono zambiri zosadzaza kwenikweni m'malo mwa zikuluzikulu zochepa zodzaza thothotho, chifukwa ngati sitima iliyonse ili ndi liwiro lake ndiye katundu yemweyo atagawidwa m'sitima sikisi amatsika msanga kuposa ali m'sitima ziwiri, bola denga la doko lisagundidwe. Zikuluzikulu zimathera pa madoko akuluakulu, Pearl Harbor, Sydney, Auckland, kuchokera pamenepo timasitima tating'ono ndi tomwe timagawa. Ndimasamalanso kuti gulu lomwe likutsitsa lisamwetsedwe mafuta tsiku lomwelo chifukwa kumwetsa kumadya nthawi ya ntchito ya sitimayo pa chigawo chimenecho, mumadzuka m'mawa kupeza palibe chatsika, matanki okha ndi omwe adzaza.

Gemu yomwe tikusewera panopa ndi mnzanga uja tafika mu Okutobala 1942. Ndili ndi sitima zitatu zikutsitsa pa kadoko ka saizi 2 ku New Hebrides (Vanuatu ya lero), yachinayi ili panja ikudikira malo, mainjiniya akuti doko lafika 87 peresenti kuti likwere saizi 3, ndipo dzulo ndege yake yofufuza inadutsa pamwamba kawiri. Turn ndatumiza kale, ndikudikira kuti aweruke ku ntchito.